Shopu ya nsomba zoweta ija ya ku Lilongwe: katundu ndi wabwino, malangizo ndiye ayi

Patha miyezi 5 chigulireni thanki ya nsomba za goldfish pa shopu ina ya ziweto ku Lilongwe, dzina sinditchula chifukwa pali zina ndiwadandaula. Zonse zinayamba ndi mwana wanga wamkazi wa sitandade 4 amene anaona tinsomba tofiira kwa mnzake mu kambale kagalasi kozungulira kaja, basi pakhomo panalibenso mtendere, m'mawa nsomba madzulo nsomba mpaka bambo ake anangoti kaguleni tipumeko. Kuno ku Dedza ndinazungulira osapeza wogulitsa, ndiye ulendo wa ku tauni.

Thankiyo payokha ndilibe nayo chifukwa. Ndi ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi, 30 msinkhu, imalowa malita 54, galasi lake ndi lokhuthala ndipo m'makona anamata bwino moti mpaka lero sinadonthepo. Anandikulungira ndi makatoni bwinobwino, ndinaifukata pamiyendo mu minibasi njira yonse ya M1, makilomita opitirira 80, kondakitala akulimbikira kuti ndilipire mpando wachiwiri, tikudutsa pa Linthipe miyendo inali itachita dzanzi koma inafika yosang'aluka. Fyuluta yake ya siponji siyisokosa, usiku mumangomva kuti thubu thubu pang'onopang'ono. Chimene ndimawayamika nacho kwambiri ndi kapampu ka mpweya kolumikiza ku power bank, poti magetsi akathima maola ambiri nsomba zimayamba kubanika, kameneka kandipulumutsa kangapo. Ndalama yonse pamodzi inali yoti ndikanagula thumba la feteleza n'kutsala chenji, koma pa katunduyo sindikudandaula.

Vuto ndi pakamwa pa ogulitsa. Mnyamata amene anandithandiza, waulemu ndithu, anati "amayi tengani zinayi, mukafika thirani madzi a pampopi mudikire ola limodzi muziponyemo, sizivuta izi". Ine poti sindimadziwa kanthu ndinangomvera, zinayi mu jumbo ya madzi, ulendo. Masiku awiri oyamba zinali bho, ana a maneba kudzadza pawindo. Tsiku lachitatu madzi anayamba kuoneka ngati otsukira mpunga, nsomba zonse zili pamwamba kumangoyasamula kukamwa, zipsepse zitapinda, ina itangokhala phee pansi pa miyala. Tsiku lachisanu m'mawa tinapeza imodzi itagadama, mawa lake inanso. Mwana analira ngati maliro enieni, tinakazikwirira kuseri kwa nyumba pafupi ndi bedi la mpiru, apongozi ali chiimire pakhonde akuti "mwataya ndalama pa matemba osadyedwa, bola mukanagula usipa tikanadyera nsima". Sindinawayankhe, nanga amanama?

Amene ananditsegula m'maso ndi alamu anga, amaphunzitsa sayansi ku sekondale ndipo anawetako nsomba padamu. Atangoona anati mlamu, nsombazi zikufa ndi zoipa zawo zomwe. Goldfish imadya kwambiri imachitanso chimbudzi kwambiri, ndipo zoipazo zimatulutsa amoniya amene amawotcha makha a nsomba, muja imapumiramo. Mu thanki yokhazikika mumakhala mabakiteriya abwino amene amamera mu siponji ya fyuluta, ena amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, ena n'kusandutsa nitrite uja kukhala nitrate amene saopsa kwambiri ndipo mumamuchepetsa posintha madzi. Koma mabakiteriyawa samera tsiku limodzi, amatenga masabata 4 mpaka 6. Ndiye thanki imayenera iyambe yayenda yopanda nsomba, fyuluta ili on, mukuponyamo tichakudya pang'ono kuti tiziwola mabakiteriya apeze podyera, nsomba zibwere pambuyo. Kuwonjezera apo madzi a pampopi amakhala ndi klorini, kwa ife anthu ndi wabwino koma amapha mabakiteriya omwewo n'kupwetekanso nsomba. Zonsezi pashopu paja sanandiuzeko ngakhale chimodzi, chonsecho kabotolo ka mankhwala ochotsa klorini kanali pashelefu kumbuyo kwa mnyamatayo, ndinadzakaona ulendo wachiwiri.

Chinanso malita 54 pa nsomba zinayi ndi kuthithikana ngati m'minibasi ya madzulo. Tikamazigula zimakhala ngati chala, koma za mchira wa nthenga zija zimafika masentimita 15 kapena 20, za thupi lalitali zimafika 30, ndipo zikasamalidwa zimakhala zaka 10 mpaka 15. Odziwa amati imodzi imafuna malita ngati 75, iliyonse yowonjezera malita ena 40. Kutanthauza kuti ngakhale ziwiri zanga zotsalazi thankiyi idzazichepera zikamakula. Za kambale kozungulira kaja ndiye musayese n'komwe, kwa mnzake wa mwana wanga kuja ndamva kuti agula kale kachitatu.

Ziwirizo tinazipulumutsa ndi ndowa. Sabata ziwiri zoyamba tsiku lililonse kuchotsa pafupifupi theka la madzi, pano ndi kamodzi pasabata, Loweruka, ndimakoka malita 15 ndi kapayipi ndikutokosa m'miyala momwe mumabisala nyansi, madziwo ndimathirira ndiwo zamasamba ndipo zikukondwa nawo. Olowetsa ndimatunga dzulo lake mu chigubu cha malita 20 osatseka, n'kudonthezamo mankhwala aja. Siponji osachapa pampopi, sopo ndiye ayi ndithu, mumangoifinya m'madzi omwe mwachotsa mu thankimo. Mtsikana wondithandiza ntchito tsiku lina anafuna kuitsuka ndi Vim kuti iyere, mwamwayi ndinamupeza asanayambe.

Ulendo wachiwiri uja, mnyamata uja atamva kuti ndine wa ku Dedza anayamba kundikakamiza hita yotenthetsera madzi, ati kwanu kumazizira nsomba ziuma. Zoona kuno tili pamtunda wa mamita ngati 1,600 ndipo June ndi July chisanu chake mumachidziwa, madzi a m'ndowa m'mawa kukhudza ngati akuluma. Koma goldfish ndi nsomba ya madzi ozizira, kwawo ndi ku China komwe anayamba kuiweta zaka zoposa 1,000 zapitazo, imasangalala pa madigiri 18 mpaka 23 ndipo kutsika pang'ono siidandaula, imangochepetsa changu ndi kudya. Zanga zadutsa chisanu chonse popanda hita, ndinangochepetsa chakudya. Anatinso ndiikemo mbuna ziwiri za ku Lake Malawi kuti mukhale mitundu, pamenepo ndinaseka chifukwa alamu anali atandichenjeza kale, mbuna zimafuna madzi otentherako ndipo ndi zandewu, zingamalize michira ya anzawo sabata imodzi.

Chakudya chimene amagulitsa ndi chabwino, cha timibulu, sichidetsa madzi ngati mukupatsa zoti zimalize pa mphindi 2. Vuto ndi ana, nsomba zimenezi zimapempha ngati sizinadye chaka, aliyense wodutsa akufuna aponyemo, wamng'ono wanga anaponyamo chimbamu cha nsima. Kabotolo ka chakudyako pano kamakhala m'chipinda mwanga. Timapepala toyezera amoniya ndi nitrite pashopupo alibe, ndipo nditafunsa anandiyang'ana ngati ndalankhula Chifalansa.

Nditawauza za nsomba zakufa zija, mwini shopuyo, bambo wachikulire, sanakane, anapepesa n'kunena kuti andipatsa ziwiri zaulere. Mtima wabwino ndithu, koma zikungoonetsa kuti sanamve vuto lili pati, ndikanazitenga zikanakafera momwemo. Ndinapempha kuti m'malo mwake andipatse kabotolo ka mankhwala ochotsa klorini kaja, anandipatsa.

Ndiye pa 5 ndikuwapatsa 3. Thanki, fyuluta, kapampu ndi chakudya gulani kumeneko mosakayika, koma nsomba mudzazibwerere patatha mwezi, ziwiri zokha, ndipo pofika nazo jumbo iyandame kaye mu thanki mphindi 20 musanamasule. Muonenso poika, malita 54 ndi makilogalamu 54 osawerengera galasi ndi miyala, katebulo kanga koyamba kanapindika pakati mpaka tinakapangitsa ka zitsulo kwa owotcherera pamsika. Apongozi aja pano akabwera amakokera mpando pafupi ndi galasi, yaikuluyo anaitcha Nachisale, koma samalephera kufunsa kuti ikafika pa saizi ya chambo tidzatani nayo.