Sikani ya prostate pa kiliniki ina pa Dedza boma, anthu awiri manambala awiri

Ababa ali ndi zaka 68, amakhala ku Bembeke, ndipo chiyambireni chaka akhala akudzuka kanayi kasanu usiku kukataya madzi, ndiye kuzizira kwa kuno mu June mukukudziwa, munthu wamkulu kumatuluka panja 2 koloko usiku ine zimandipweteka mtima. Tinapita nawo pa kiliniki ina ya pulayiveti pa boma pomwe amapanga sikani, dzina sinditchula.

Kulandira alendo ndiye amatha, reception yaukhondo, anesi amalankhula nawo ababa mwaulemu, sanawakuwire nkomwe. Chovuta ndi chakuti amati mumwe madzi ambiri chikhodzodzo chidzadze kuti prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, kamene kakakula kamavutitsa pokodza) ioneke bwino, koma nkukusiyani pa benchi ola lathunthu, munthu amene vuto lake ndi lomwelo la mkodzo. Apa akonze ndithu.

Nkhani yeniyeni ndi manambala. Ulendo woyamba anatipatsa pepala lolembedwa kuti kukula kwa prostate ndi 52 ml. Patatha masabata atatu tinabwerera ndi zotsatira za magazi, PSA (muyeso wa m'magazi umene ukakwera umasonyeza kuti prostate mwina ili ndi vuto) inali 6.8, adokotala anati tibwereze sikani, tsiku limenelo panali munthu wina, iye anapeza 41 ml. Makina omwewo, ababa omwewo, mankhwala asanayambe nkumwa komwe. Ine ndinakwiya, ndinaona ngati mmodzi mwa awiriwa watidyera ndalama.

Koma mayi wachiwiriyu anandikhazika pansi nkutembenuza sikirini. Anati achimwene onani, makinawa sayeza okha, ndine ndimaika timitanda iti pomwe ndikuona kuti prostate yayambira ndi pomwe yathera. Amayeza mulitali, mulifupi ndi msinkhu, kuchulukitsa zonse kenako ndi 0.52. Mnzawo uja anapeza 5.0, 4.8 ndi 4.2 cm, iwo anapeza 4.6, 4.5 ndi 3.8. Kusiyana kwake ndi mamilimita atatu anayi basi mbali iliyonse, koma ukachulukitsa ndi uja 52 ndi 41. Ndinayang'ana ndekha, zoona chithunzicho ndi chotuwa ngati nkhungu ya m'phiri la Dedza mmawa, malire sakuoneka bwino makamaka kumunsi komwe fupa limatchinga. Anati ngakhale pa MRI, sikani ina yoonetsa bwino kuposa iyi, madokotala akamalemba ndi dzanja malire a prostate pa chithunzi amasiyana ndithu, kwambiri kumunsi kwenikweni ndi kumtunda komwe imagundana ndi chikhodzodzo.

Mwina muti nanga 11 ml ndi chani. Madokotala amagawa PSA ndi kukula kwa prostate, ndipo ambiri amayamba kukayikira khansa zikadutsa 0.15. 6.8 kugawa ndi 52 ndi 0.13, koma kugawa ndi 41 ndi pafupifupi 0.17, ndiye mukuona pepala lina likuti dikirani kaye, lina likuti fufuzani msanga. Ngakhale mankhwala ochepetsa prostate ngati finasteride amaperekedwa poyang'ananso kukula komweko. Adokotala sanadalire pepala limodzi, anawayeza ababa ndi chala nkutilembera kalata yoti tikaonane ndi dokotala wa za mikodzo ku Kamuzu Central ku Lilongwe, tikupita sabata yamawa.

Ndiye kodi ndingakutumizeni kumeneko? Eya pitani, kuposa kungokhala kunyumba nkumamwa zitsamba mkodzo mpaka kutsekeka. Koma pepala loyamba lija linali ndi nambala imodzi yokha, opanda chithunzi, opanda miyeso itatu ija, mayi aja anachita kukaifufuza m'makina, izi sizinandisangalatse. Inu mukapita uzani kuti akulembereni miyeso yonse itatu ndi kukusindikizirani chithunzi, ndipo mukamabwereza funsani tsiku lomwe akugwira munthu yemwe anakuyezani poyamba. Ife tapempha kale kuti ulendo wina ababa adzawaone mayi omwe aja.