Kope la Norton la Heart of Darkness: nkhani ya Conrad pamodzi ndi mboni zomutsutsa

Anthu ambiri ofuna kuwerenga Heart of Darkness, nkhani ya Joseph Conrad, amagula timabuku topyapyala totsika mtengo momwe muli nkhani yokhayo. Amene thumba likumulola ndi bwino awonjezere ndalama n'kupeza kope lachinayi la Norton Critical Edition, lomwe linatuluka mu 2006 mokonzedwa ndi Paul B. Armstrong. Nkhani ya Conrad siyifika masamba 100, pomwe buku lonse limapitirira masamba 500, ndipo phindu lake lagona m'masamba owonjezerawo.

Conrad anapita ku Congo mu 1890 n'kukagwira ntchito pa sitima ya pamtsinje yotchedwa Roi des Belges, panthawi imene dzikolo linali m'manja mwa munthu mmodzi, Mfumu Leopold II ya ku Belgium. Nkhaniyi inatuluka koyamba mu 1899 m'magazini ya Blackwood's. Palibe angakane kuti nkhanza anaziona ndipo anazilemba mosapsatira. Marlow, yemwe akusimba nkhaniyi, akumana ndi amuna 6 omangidwa unyolo m'khosi, nthiti zikuwerengeka, akukwera chitunda atasenza madengu a dothi, kenaka pamthunzi wa mitengo apeza antchito ena atasiyidwa kuti afe ndi njala ndi matenda. Kurtz, mzungu wosonkhanitsa minyanga ya njovu amene anabwera ndi mawu okoma otukula anthu, akupezeka atazunguliza nyumba yake ndi mitu ya anthu yosomekedwa pamitengo.

Vuto ndi lakuti anthu ozunzikawo alibe mayina, ndipo wolemba anawatseka pakamwa. M'nkhani yonse amayankhula mawu omveka kawiri kokha: wina akupempha kuti apatsidwe adani awadye, wina akunena kuti Kurtz wamwalira. Munthu wosonkhezera moto m'sitima, amene waiphunzira ntchito yake n'kumaigwira bwino, Marlow akumufanizira ndi galu wovekedwa kabudula akuyenda ndi miyendo iwiri. Izi n'zimene Chinua Achebe anadzudzula mu 1975 poyankhula ku University of Massachusetts ku Amherst, pomwe ananena poyera kuti Conrad anali watsankho ndiponso kuti anasandutsa Africa bwalo chabe loti mzungu mmodzi akapengereko misala. Zoyankhula za Achebe zili m'kope limeneli, ndipo ukaziwerenga n'kubwerera pa ndime ya galu ija, umaona kuti sanamusemere chinyau.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi zikalata za nthawi imeneyo. Muli kalata imene George Washington Williams, munthu wakuda wa ku America, analembera Leopold mu 1890, chaka chomwecho Conrad anali ku Congo, yofotokoza chinyengo cha mapangano ndi mafumu komanso nkhanza za asilikali. Mulinso zigawo za lipoti la 1904 la Roger Casement, yemwe anali nthumwi ya boma la Britain ku Congo, lonena za midzi yokakamizidwa kupereka mphira. Kalata ya Williams imathetsa chowiringula chija chakuti aliyense m'masiku amenewo ankaganiza ngati Conrad, chifukwa nayu munthu wa nthawi yomweyo amene anaona anthu a ku Congo ngati anthu olakwiridwa, oyenera chilungamo. Edward Said, katswiri wosanthula zolembedwa, nayenso ali momwemo, akufotokoza kuti Conrad anaona kuipa kwa utsamunda koma sanathe kuganiza zoti Afirika angadzilamulire okha.

Zofooka zilipo. Zilembo n'zazing'ono kwa wowerenga usiku ndi nyali yosawala bwino, ndipo zina mwa nkhani za akadaulo kumapeto n'zolemera mwakuti wophunzira wa kusekondale angazisiye panjira. Chachikulu n'chakuti ngakhale m'zikalata zija, zowawa za anthu a ku Congo zikutifikabe kudzera m'cholembera cha alendo. Chingerezi cha Conrad nachonso n'chokhotakhota, ngakhale kuti mawu ofotokozera amene ali m'munsi mwa masamba amathandiza. Kwa aphunzitsi ndi ophunzira a m'makoleji bukuli n'loyenera mtengo wake, ndipo ndingalangize kuti ayambe ndi kalata ya Williams asanatsegule tsamba loyamba la Marlow.