123ignition TUNE+ pa Land Rover Series III ya petulo: ndi yabwino, koma imafuna injini yamoyo

Amene akusungabe Land Rover Series III ya petulo, ya injini ya malita 2.25, kuno ku Salima akudziwa kumene mavuto ake ambiri amayambira: mu distiribyuta, chipangizo chogawira moto ku mapulagi. Galimotozi zinapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndiye distiribyuta ya Lucas 25D kapena 45D yomwe ili mmenemo yatha zaka makumi anayi kapena kuposa ikuzungulira. Shafiti yake imagwedera, timasipuling'i ta mkati tinatamuka, ndipo mapointi ndi makondensa a masiku ano sakhalitsa. Mutchera mpata wa mapointi pa 0.4 mm lero, fumbi lidya kachidendene kake, mpata uchepa, taimingi (nthawi yotumizira moto ku mapulagi) ibwerera m'mbuyo, galimoto iyamba kumwa petulo ndi kutentha.

123ignition TUNE+ ndi distiribyuta yathunthu yopangidwa ku Netherlands, yolowa pamalo pa ya Lucas ija osaboola kapena kuwotcherera chilichonse. Kunja ikuoneka ngati yakale, kapu ndi rota zilipo. Mkati mulibe mapointi, mulibe kondensa, mulibe tizitsulo tolemera ndi timasipuling'i take. Muli sensa ndi kakompyuta kakang'ono, ndipo kapaipi ka vakyumu kochokera ku kabureta kamafika pa sensa, osati pa kachikopa kobooka booka ka mu distiribyuta yakale. Nthawi yotumizira moto ku mapulagi mumailemba nokha pa foni, ya Android kapena iPhone, kudzera pa Bluetooth.

Ubwino wake umaoneka msanga pa nyale ya taimingi. Ndi distiribyuta yotha, chizindikiro cha pa pule chimavinavina uku ndi uku. Ndi iyi chimaima nji. Injini imalira msanga m'mawa, ikangoima osapondedwa imalira mosadukiza, ndipo zotsegula kapu mwezi ndi mwezi kukanola mapointi zimatha. Ilinso ndi kanzeru kena kothandiza: mukaiwala kiyi ali wotsegula injini ili yozima, imadula yokha magetsi opita ku koyilo, pamene mapointi akanapserera. Koma za mphamvu musanamizidwe. Injini ya 2.25 imapereka mahatchi pafupifupi 70, ndipo ikhalabe pomwepo. Chimene mumapeza ndi mphamvu yomwe inkatayika chifukwa cha taimingi yolakwika, basi.

Musanaitanitse, yesani kaye injini. Ambiri amadumpha apa, kenako n'kumanyoza chipangizo chosalakwa. Kompuresheni ya masilinda anayi isasiyane kupitirira 10 pa 100. Mpata wa mavalavu ukhale 0.25 mm, olowetsa ndi otulutsa omwe. Tcheni ya taimingi ikakhala yokhwepa, moto uzisokonekerabe chifukwa distiribyuta imazunguzidwa ndi kamushafiti. Kabureta ya Zenith yomwe ikukoka mpweya pa shafiti ya batafulayi siingachiritsidwe ndi foni. Onaninso za magetsi: Series III wamba ndi ya 12V, negetivu ku chitsulo cha galimoto, ndipo apo palibe vuto. Series IIA zakale kwambiri zinali ndi pozitivu ku chitsulo, ndipo zina zomwe zinali za asilikali ndi za 24V, zimenezo musangolumikiza. Koyilo muiyeze ndi mita pakati pa timiyendo take tiwiri ta + ndi -. Isatsike pansi pa 1 ohm. Ya 3 ohm yomwe inabwera ndi galimoto ndi yokwana ngati sikudontha mafuta. Alitineta izipereka pakati pa 13.8V ndi 14.4V injini ikulira.

Kuika kwake ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri. Chotsani pulagi ya silinda yoyamba, ya kutsogolo pafupi ndi rediyeta, tsekani bowo ndi chala, wina azunguze injini ndi sipanala mpaka mumve mpweya ukukankha. Pitirizani pang'onopang'ono kufikira chizindikiro cha pa pule chitalozana ndi TDC, pamene pisitoni ili pamwamba penipeni. Masulani kolala yomangira distiribyuta, zulani yakale, lowetsani yatsopano mutapaka mafuta a injini pa kalabala kake. Dzino la pansi pa shafiti silili pakatikati, limalowa mbali imodzi yokha, choncho musalikakamize ndi hamala. Zunguzani rota mpaka ikhale pansi yokha.

Mawaya ndi atatu. Wofiira upita ku + ya koyilo, wabuluu ku chitsulo cha injini pamalo opala bwino, wakuda ku - ya koyilo. Koma wakudawo muusiye kaye pambali. Tsegulani kiyi. Pansi pa rota pali kambale kokhala ndi timabowo, ndipo kanyale kobiriwira kamaonekera pa timabowo timeneti. Rota ya injini iyi imayenda motsutsana ndi mivi ya wotchi. Zunguzani thupi la distiribyuta mbali yomwe rota imayendera mpaka kanyale kazime, kenako bwererani nalo pang'onopang'ono, chala china chikukankhira rota m'mbuyo kuti pasakhale kugwedera, mpaka kanyale kangoyaka kumene. Mangani kolala pamenepo, tsekani kiyi, lumikizani wakuda. Waya wa pulagi yoyamba upite pomwe rota yaloza, ngakhale patasiyana ndi pomwe unali kale, ndipo enawo atsatire 1-3-4-2. Kusinthanitsa wofiira ndi wakuda ndiko kulakwa kodula kuposa konse pa ntchito yonseyi, chifukwa kungathe kuwotcha chipangizo pompo.

Apa pali msampha womwe wagwira amakaniko odziwa ntchito. Anazolowera kuika taimingi pa madigiri 6 pisitoni isanafike pamwamba, ndiye amaimika pule pa 6 n'kuyatsira kanyale pamenepo, kenako pa foni n'kulembanso 6. Injini ikulandira 12, foni ikunena 6, ndipo cholakwikacho chimakwera nawo mpaka kumapeto. Yatsirani kanyale pa TDC, madigiri onse akhale pa foni. Kuti mutsimikize, chotsani kapaipi ka vakyumu n'kukatseka, lembani madigiri 10 pa ma rpm onse (rpm ndi kuzungulira kwa injini pa mphindi), lizani injini, walitsani nyale ya taimingi. Ikaonetsa 10, foni ndi injini zikumvana. Ikaonetsa 13, sunthani thupi la distiribyuta mpaka zifanane. Wopanda nyale ya taimingi abwereke. Khutu lokha silikwana pa chipangizo ichi.

Msampha wachiwiri ndi wa manambala. Nambala yodindidwa mkati mwa distiribyuta ya Lucas ndi ya madigiri a distiribyuta, yomwe imazungulira theka la liwiro la injini. Foni imafuna madigiri a kirankishafiti. Mukapeza 12 mkati mwa yakale, pa injini ndi 24, ndiye muwonjezereponso aja oyambira.

Poyambira pabwino, posaopsa injini, ndi apa: madigiri 6 pa 500 mpaka 800 rpm, 13 pa 1500, 19 pa 2000, 24 pa 2500, 28 pa 3200, ndipo kuchokera pamenepo asakwerenso. Vakyumu iwonjezere madigiri 8 kapena 10 pamene mukuyenda phazi lili lopepuka, ndipo ibwerere pa 0 mukaponda mpaka pansi. Malire a liwiro la injini muwaike pa 4500 rpm, makamaka ngati galimoto imayendetsedwa ndi anthu angapo. Awa si manambala omaliza. Injini ya kompuresheni ya 7:1 imalola madigiri ochulukirapo kuposa ya 8:1, ndipo mutu wa injini womwe unapalidwapo kangapo sulinso pa nambala ya m'buku.

Nyengo yathu ndiyo imapangitsa kuti chipangizochi chikhale ndi phindu lenileni. Salima ndi Nkhotakota zili m'mphepete mwa nyanja, mamita pafupifupi 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ili kupitirira 1000. Kuno mpweya ndi wochindikala komanso wotentha, ndipo zonse ziwirizi zimafulumizitsa petulo kuphulika nthawi yake isanakwane. Taimingi yotcheredwa ku Lilongwe m'mawa wa mu June ikhoza kuvuta masana a mu October pa msewu wa M5. Ndiye tcherani kuno, dzuwa lili pamutu, galimoto itanyamula katundu wake wa masiku onse. Lowani giya yachinayi pa liwiro la makilomita 45 kapena 50 pa ola, pondani mpaka pansi pa mtunda, monga zitunda za pa M14 popita ku Lilongwe. Mukamva injini ikulira ngati timisomali m'chitini, madigiri achuluka. Pulogalamu ya pa foni imalola kuchotsa kapena kuwonjezera digiri imodzi imodzi galimoto ikuyenda, koma foniyo agwire mnzanu, inu maso pamsewu, poti makabaza ndi mbuzi sizidikira. Onani rpm yomwe phokoso limayambira, chotsani madigiri 2 pamalo pokhapo, yesaninso. Phokoso likatha, chotsaninso 2 ena osungira. Ndi distiribyuta yakale mukanabweza taimingi yonse chifukwa cha malo amodzi. Apa mumadula pokhapo pomwe pakuvuta.

Madigiri osungirawo ali ndi chifukwa. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo wina amachokera konkuno, ku fakitale ya EthCo ku Dwangwa yomwe inayamba ntchito mu 1982. Ethanol amathandiza petulo kupirira kuphulika msanga, koma si thanki iliyonse imakhala yofanana, ndipo mafuta akasowa anthu amathira wa m'zigubu wosadziwika kochokera. Sungani mizere iwiri ya madigiri m'foni: wa masiku onse, ndi wina wotsika ndi madigiri 4 wa petulo wokayikitsa. Kusintha ndi nkhani ya mphindi imodzi. Kuopsa kwa chipangizochi kulinso pomwepa, chifukwa kuwonjezera madigiri n'kosavuta kwambiri ndipo galimoto imamveka yothamanga kwa kanthawi, pamene mapisitoni akupsa mwakachetechete pansi pa phokoso la giyabokosi.

Zodandaulitsa zilipo. Mtengo ndi mayuro mazana angapo, musanawerengere zotumizira ndi msonkho wa MRA, ndipo ndalama zakunja n'zovuta kupeza. Ikafa panjira, mwachitsanzo pakati pa nkhalango ya Nkhotakota pa M18, palibe chonola kapena chomangirira ndi waya. Imadananso ndi zizolowezi zina za m'magalaja athu. Kuzula mutu wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alitineta ikutchaja kumatumiza magetsi ochuluka mwadzidzidzi omwe mapointi ankapirira koma kakompyuta sikapirira. Kujampa mosinthanitsa mawaya n'chimodzimodzi. Owotcherera asanayambe ntchito pa tchasisi, chotsani batire ndi mawaya atatu aja. Loko yake ya pa foni, yoletsa injini kulira, ndi yabwino pa akuba, koma PIN yobwera nayo muisinthe ndipo yatsopanoyo muilembe penapake, chifukwa foni ikatayika galimoto ili yokhoma, mudzafunika foni ina ndi PIN yomweyo. Ndipo madzi akalowa m'kapu nthawi ya dzinja, moto umasokonekera monga kale.

Kwa amene distiribyuta yake ili ndi shafiti yolimba ndipo akungofuna kusiyana ndi mapointi, kachipangizo kolowa mkati mwa yakale, monga Pertronix kapena Powerspark, n'kotsika mtengo kwambiri, ngakhale timasipuling'i totamuka tija timakhalabe momwemo. TUNE+ ndi ya munthu amene injini yake yakonzedwa bwino, amayenda maulendo ataliatali pakati pa kunyanja ndi kumtunda, ndipo ali wokonzeka kuthera masana athunthu akuyesa. Kwa ameneyo ndalama yake siipita pachabe.

Yakale ija musagulitse. Musanaizule, lembani mzere ndi chitsulo chakuthwa pa thupi lake ndi pa kolala, muiikire mapointi ndi kondensa zatsopano, muikulunge m'nsanza pamodzi ndi kapu ndi rota yake, ikhale pansi pa mpando. Kuibwezeretsa panjira kumangofuna sipanala, kulozanitsa mzere uja, ndi waya umodzi ku - ya koyilo.