Rituximab pa matenda a lupus: ndi amphamvu, koma musawayambe mwaphuma

Pa lupus, maselo a B (mtundu wa maselo oteteza thupi ku matenda) amasokonekera n'kuyamba kupanga asilikali oukira thupi lomwelo: khungu, mfundo, magazi ndi impso. Mankhwala a rituximab amagwira maselowa pa chizindikiro chotchedwa CD20 n'kuwaononga. Madokotala amafikira mankhwalawa pamene mankhwala ena a lupus monga hydroxychloroquine, prednisolone ndi mycophenolate akanika, makamaka impso zikayamba kutaya mapuloteni m'mkodzo.

Amaperekedwa m'dripi: 1,000 mg, kenako 1,000 mg ina pakatha masiku 14. Wodwala amayamba walandira methylprednisolone (mankhwala ochepetsa kutupa) 100 mg, panado ndi mankhwala oletsa ziwengo. Dripi imayamba pang'onopang'ono, 50 mg pa ola, n'kumawonjezera mphindi 30 zilizonse. Akaithamangitsa, munthu amanjenjemera, kutuluka zidzolo, kubanika, BP n'kutsika. Tsiku loyamba konzekerani kukhalapo maola anayi kapena kuposa.

Chotikhumudwitsa n'chakuti sachiza. Maselo okhwima omwe amapanga asilikali aja alibe CD20, choncho amatsala, ndipo maselo a B amabwerera pakatha miyezi 6 mpaka 12. Mtengonso ndi wokwera zedi.

Kuno ku Blantyre samalani ziwiri. Musanayambe, yezetsani hepatitis B, HIV ndi TB, chifukwa chitetezo chikatsika hepatitis B yogona imadzuka n'kuononga chiwindi; katemera baitsiranitu. Chachiwiri ndi filiji: botolo lisungidwe pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ngati mukugula nokha, funsani kuti magetsi akathima amalisunga bwanji, ndipo munyamule m'kabokosi kozizira popita nalo ku chipatala cha Queens. Hydroxychloroquine musasiye.