Ndodo ya miyendo inayi ikagwira ntchito miyezi ingapo pambuyo pa sitiroko

Ndodo ya miyendo inayi imene odwala sitiroko ambiri amatuluka nayo m'chipatala imathandiza kwambiri masabata oyambirira. Imaima yokha, ndipo pa simenti imalimbitsa munthu mtima kuti aimirire. Zovuta zake zimadzaoneka mochedwa, wodwala atayamba kudzidalira, achibale nawonso ataleka kumuyenda pambali.

Choyamba kutha ndi mphira za kunsi, ndipo sizitha mofanana. Za mbali imene munthu amayedzamira zimalala msanga, ndodo n'kuyamba kugwedera ngati tebulo la mwendo waufupi. Muziitembenuza kamodzi pa mwezi. Mizere ikafufutika kapena chitsulo chikayamba kuonekera, sinthani zonse zinayi nthawi imodzi, chifukwa kusintha imodzi yokha kumangowonjezera kugwederako. Onaninso kabatani kosinthira msinkhu ngati katulukiratu pabowo pake, ndipo mangani nati ya pakati ikayamba kulira.

Msinkhu umasokonekera mosavuta, makamaka ana akamaiseweretsa. Munthu ataima chilili atavala nsapato, mkono uli pansi, chogwirira chifike pamene timavala wotchi. Ndodo igwidwe ndi dzanja la mbali yamphamvu, ndipo miyendo yake yotambalala iloze kunja. Ikaloza kwa mwiniwake, phazi limakola pomwepo. Poyenda, itsogole ndodo, kenako mwendo wofooka, wamphamvu pomaliza. Pa sitepe ya pakhonde, pokwera uyambe wamphamvu. Potsika ndodo ndi wofooka ndizo zitsogole.

Panja ndi pamene ndodoyi imakhumudwitsa. Imafuna miyendo yonse inayi igunde pansi nthawi imodzi, koma bwalo la mizu, miyala ndi mikwasa ya madzi a mvula sililola zimenezo. Mwendo umodzi ukakwera pa mwala, ndodo imapendama munthu atayika kale thupi lonse pamenepo. M'matope imatitimira. Kwa amene wayamba kuyendako bwino, ndodo ya mwendo umodzi nthawi zambiri imakhala yabwino panjira yopita kutchalitchi kapena kumsika, koma kusinthako kudzere kwa a mafizo, kuchipatala chomwe muli nacho pafupi kapena ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, osati kungoganiza pakhomo.

Ndipo pali kugwa kumene ndodo singakuletse n'komwe. Phazi lofooka likamakhwekhwereza zala, limakola mphasa, chiguduli cha pakhomo, ngakhale chitenje chotsika kwambiri. Zichotseni panjira yochokera pabedi kupita kuchimbudzi, ndipo simenti ya njira imeneyo isapakidwe polishi. Masilipasi ndi adani enieni apa: phazi losamva bwino silidziwa kuti avuka. Pamafunika nsapato yogwira chidendene, ndipo ngati zala zikukokabe, funsani za chipulasitiki chovala kumwendo chimene chimadzutsa phazi.

Usiku ndiye nthawi yoopsa zedi. Amene akumwa mankhwala a BP atha kuchita chizungulire akadzuka mofulumira. Ayambe wakhala m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi kapena ziwiri, mapazi ali pansi, tochi itayaka. Chidebe chokhala ndi mpando woboola pakati chikhale m'chipinda momwemo, kuti asamatuluke mumdima. Chizungulire chikapitirira musasiye mankhwala panokha. Kawauzeni a dokotala awunikenso mlingo wake.