Bandulo, Starlink kapena kabokosi kopanda intaneti: tisankhe chiti kuno ku Kasungu?

M'makomiti a sukulu, m'makalabu a alimi ndi m'magulu a achinyamata kuno ku Kasungu, funso ili silisowa: tikapeza kandalama, kapena bungwe likatifunsa chimene tikufuna, titchule chiyani kuti anthu athu azipeza nkhani ndi maphunziro a pa intaneti? Ambiri amathamangira kutchula Starlink, intaneti yodzera m'masetilaiti, poti ndiyo ili m'kamwam'kamwa masiku ano. Ine ndikuti tiyambe tadekha, anzanga. Njira zimene mayiko ndi mabungwe akunja abweretsa ndi zingapo, ndipo ine poziyerekeza liwiro ndimaliika kumapeto. Ndimayamba ndafunsa kuti obweretsawo akapita adzalipira ndani, nanga zili m'katimo zikulankhula chilankhulo cha yani.

Chimene tili nacho kale m'thumba ndi foni ndi bandulo ya Airtel kapena TNM, ndipo njira ina iliyonse iyenera kupikisana ndi imeneyi. Ubwino wake ngosachita kufunsa. Nkhani imakupeza ikadali yotentha: momwe fodya wayendera ku okushoni ya Chinkhoma, mtengo umene mavenda akugulira soya pa Santhe, zotsatira za MSCE, uthenga wa maliro wochokera ku Joni. Sipafunika kiyi wa ofesi kapena kudikira apampando.

Kudula kwake kuli ndi gwero. Dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, ndiye intaneti imatipeza itadutsa m'manja mwa eni ake. Zingwe zikuluzikulu za pansi pa nyanja, SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, zimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, ndipo kuchoka kumeneko mpaka kuno aliyense wogwirako chingwe amadyapo yake. Mu 2017 World Bank inavomereza madola 72.4 miliyoni a pulojekiti ya Digital Malawi, ndipo kutsitsa mtengo umenewu chinali china mwa zolinga zake. Boma nalo linayala zingwe za intaneti zotchedwa faiba m'mapolo a ESCOM ndi ngongole ya ku China, ntchitoyo n'kugwiridwa ndi Huawei. Zonsezi zinathandiza ndithu, koma faiba kufika pa boma sindiye kuti yafika kwa Chulu kapena kumidzi ya m'mphepete mwa paki. Mukasiya M1 n'kulowa m'kati, mipiringidzo ya netiweki imayamba kuthothoka umodziumodzi. Pamwamba pa apo, mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa data.

Mapeto ake ambirife timagula bandulo ya WhatsApp yokha. Mphunzitsi wa sayansi pa CDSS walandira linki m'gulu la aphunzitsi anzake, wadina, foni ingozungulirazungulira osatsegula, chifukwa banduloyo siimulola kutuluka kunja kwa WhatsApp. Ndiye amalemba kuti “wina ajambule atitumizire”, basi phunziro lamawa latsamira pa chithunzi chodulidwa m'munsi chimene mnzake wa ku Lilongwe watumiza. Munthu ameneyu powerengera anthu amati ali pa intaneti.

Zaulere zinabwerapo kale, ndipo mbiri yake ndi imene imandichititsa kusakhulupirira msanga. Facebook inayambitsa Internet.org ku Zambia mu 2014, kuno inafika mu 2015, ndipo pambuyo pake inadzatchedwa Free Basics. Munthu ankatha kutsegula mawebusayiti angapo popanda mayunitsi, koma anali okhawo ololedwa ndi kampaniyo, opanda makanema, zithunzi nazo zochepa. Dziko la India linailetsa mu 2016 ponena kuti wopereka netiweki asamasiyanitse mitengo potengera chimene munthu akuwerenga. Wikipedia Zero, imene inkalola anthu a m'mayiko osauka kuwerenga Wikipedia osadya data, inayamba mu 2012 n'kutsekedwa mu 2018. Palibe anatifunsa poyambitsa, palibenso anatifunsa potseka. Chaulere choterechi muzigwiritsa ntchito chikadalipo, koma osamangirapo dongosolo la sukulu kapena la kalabu.

Pali njira ina imene ophunzira amainyoza, koma ine ndimaipatsa ulemu: yoimba n'kumvetsera. Pa Airtel pali nambala ya 321, imene bungwe la Viamo limathandizira, ndipo munthu amadina manambala n'kumva uthenga wa zaulimi, zaumoyo kapena zanyengo m'Chichewa. Chipatala cha pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, kenako chinafalikira dziko lonse n'kuperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Taonani kusiyana kwake ndi zija zinatsekedwa zija: ichi chinapeza mwini wake kuno konkuno. Mayi wa kafoni ka mabatani, amene sukulu anailekera mu Sitandade 3, njira yokhayi ndi imene imamufikira popanda kupempha mwana kuti amuwerengere. Malire ake ngakuti uthenga wojambulidwa ngati wa pa 321 sungaufunse funso lachiwiri, ndipo wophunzira wa Fomu 4 sangakonzekere mayeso a Biology pa 321. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linabweretsa Ulangizi, kapulogalamu kamene kamayankha mafunso a alimi pa WhatsApp m'Chichewa potsamira pa malangizo a Unduna wa Zaulimi. Kameneka ungakatumizire chithunzi cha tsamba lodwala, koma kamafuna foni ya tachi ndi bandulo, ndiye tabwereranso pa funso lija la wolipira.

Tsopano kabokosi kopanda intaneti, kamene ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ambiri sakadziwa. Nzeru yake njosavuta: mmalo mokatunga pa intaneti tsiku ndi tsiku, mumakopera kamodzi zinthu zambirimbiri n'kuzisunga pamalo. Kiwix, pulogalamu yaulere imene inayamba mu 2007, imapanikiza Wikipedia yonse ya Chingerezi ndi zithunzi zake m'fayilo imodzi ya pafupifupi 100 GB, ndipo ilinso ndi timafayilo ting'onoting'ono ta masamu okha, chemistry yokha kapena zachipatala zokha, totha kulowa pa memori khadi. RACHEL, ya bungwe la World Possible, ndi kabokosi kokhala ndi batire yakeyake kamene kamatulutsa WiFi. Mukakayatsa m'kalasi, mafoni, matabuleti ndi malaputopu onse apafupi amalumikiza n'kutsegula Wikipedia, makanema a maphunziro a Khan Academy ndi mabuku, popanda SIM khadi ngakhale imodzi. Kolibri, ya Learning Equality, imawonjezerapo kuti mphunzitsi atha kusanja maphunziro ndi kuona pamene wophunzira aliyense wafika.

Apa mwezi ukatha palibe bilu. Kasola kapakatikati ndi batire zimakwana kukayendetsa, ndipo mvula igwe, netiweki ithawe, kwacha igwe monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe munakopera zili pompo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kwa sukulu, zambiri zimene mwana amafuna sizisintha chaka ndi chaka: kagayidwe ka chakudya m'mimba ndi komweko, malamulo a Newton ndi omwewo. Ndipo kholo limagona tulo podziwa kuti m'kabokosimo mulibe njuga kapena zolaula. Ife a ku Kasungu umboni tili nawo pakhomo. William Kamkwamba wa ku Wimbe anapanga makina ake amphepo opangira magetsi atabwereka mabuku m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale. Analibe intaneti, anali ndi zosungidwa pamalo basi.

Koma nkhani yomweyo ikuonetsanso chilema cha kabokosika. Mabuku aja anali a Chingerezi chimene mnyamatayo sankachimva bwino, moti ankatsatira zithunzi, ndipo si mwana aliyense angapirire chotero. Pafupifupi zonse za m'mabokosi amenewa n'za Chingerezi, chinanso cholankhulidwa mwa ku America, ndipo sizinasanjidwe motsatira silabasi yathu. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zopitirira 6 miliyoni, pamene ya Chichewa yangopitirira pang'ono 1,000. Mlimi wofuna kudziwa za chitopa cha nkhuku kapena za chuku pa mtedza, m'chilankhulo chake, sapezamo kanthu pokhapokha wina ataikamo timabuku ta alangizi. Chachiwiri, kabokosi sikadziwa za lero: mtengo wa feteleza mulibe, za kolera yabuka kwa oyandikana nawo mulibenso. Chachitatu n'chimene chimapha mabokosi ambiri. M'masukulu a sekondale ochuluka ana saloledwa kukhala ndi foni, ndiye popanda matabuleti kapena makompyuta a sukulu kabokosiko kamatulutsa WiFi yopanda woilandira. Mphunzitsi mmodzi amene anaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake akasamutsidwa, kamakathera m'kabati ya ahedi pamodzi ndi maikulosikopu.

Chimandidabwitsa n'chakuti amabungwe saganizira anyamata obena nyimbo ndi mafilimu. Pa msika uliwonse, kaya pa Chamama kaya pa Nkhamenya, pali kabenchi, kompyuta yakale yophimbidwa ndi chitenje poopa fumbi, sipika yosokosera ndi mulu wa mafoni akutchajidwa. Munthu amabwera ndi memori khadi, amatchula zimene akufuna, mnyamata amakopera, amalipira kangachepe n'kumapita. Imeneyitu ndi njira yogawira zinthu popanda intaneti imene yakhala ikudziyendetsa yokha popanda thandizo la dziko lililonse. Kuwapatsa anyamata amenewa timafayilo ta Kiwix ndi makanema a zaulimi a m'Chichewa kungafikire anthu ambiri kuposa chipinda chokhoma.

Kuti chilankhulo ndiye mwini nkhani tikuonera pa matabuleti a ana a pulaimale. Bungwe la onebillion linapanga pulogalamu yophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, yosafuna intaneti, imene inayamba kuyesedwa m'masukulu a kuno mogwirizana ndi bungwe la VSO, ndipo mu 2019 inali imodzi mwa ziwiri zimene zinapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE. Kuyambira 2023 boma likuifalitsa m'masukulu a pulaimale kudzera mu pulojekiti ya BEFIT, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, matabuletiwo akutchajidwa ndi sola. Mwana amavala zomvetsera m'makutu, mawu a m'tabuleti amamuuza chochita m'chilankhulo cha kwawo, ndipo palibe amachita kumukakamiza. Izi si zoti komiti ingakagule pa shopu, koma zikutiuza funso loyenera kufunsa aliyense wobwera ndi chipangizo. Kumpoto kwa boma lino, cha kwa Kaluluma, funso lomwelo likhudzanso Chitumbuka.

Ma telecentre a MACRA (malo amene anthu amakagwiritsirako makompyuta ndi intaneti) ndi WiFi yaulere ya Digital Malawi ya m'malo ena monga misika, zipatala ndi masukulu sinditayapo nthawi. N'zabwino kwa amene ali pafupi nazo. Kwa wokhala makilomita 40 kuchokera pamalopo, ndalama ya kabaza wanjinga yamoto yopita ndi kubwera ikadamugulira bandulo. Aphunzitsi a ku koleji ya Kasungu TTC ndi ogwira ntchito zachipatala adziwenso za Research4Life, imene inayamba ndi Hinari ya WHO mu 2002 kenako AGORA ya FAO mu 2003. Imatsegulira mabungwe a m'mayiko ngati lathu magazini a kafukufuku kwaulere, koma yolembetsa ndi koleji kapena chipatala, osati munthu payekha, ndipo intaneti muyenera kukhala nayo kale.

Nanga Starlink? Inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu Julaye 2023, ndipo chimene imachita palibe ina mwa njirazi ingachite. Masetilaiti ake amazungulira pafupifupi makilomita 550 m'mwamba, ndiye dishi silisamala kuti nsanja ya netiweki ili kuti. Likangoona thambo popanda mtengo wotchinga, intaneti yonse yafika, yothamanga, ya makanema ndi misonkhano ya pa Zoom. (Kale ankaganizira njira zina zam'mwamba: pamene UNICEF ndi boma ankatsegula malo oyesera ma drone pa bwalo la ndege la Kasungu mu 2017, kufalitsa netiweki chinali chimodzi mwa zinthu zitatu zoti ziyesedwe.) Kwa chipatala chakumudzi, kwa esiteti ya fodya, kwa ofesi ya kopaletivu, Starlink ndi yankho lenileni.

Vuto lake si dishi ayi, poti dishi bungwe likhoza kukugulirani ndi kujambulitsa nalo pa tsiku lopereka. Vuto ndi mwezi wotsatirawo ndi winawo. Bilu imabwera mwezi uliwonse, kaya ndi Meyi fodya atagulitsidwa kaya ndi Febuluwale anthu akudya kamodzi patsiku, ndipo imalipiridwa pa intaneti. Dishi lalikulu limadya mawati apakati pa 50 ndi 100 nthawi yonse liri loyaka, kutanthauza kuti kasola kounikira m'nyumba sikangakwanitse, pafunika mapanelo, inveta ndi batire zamphamvu. Mvula yamkuntho ikamagwa limadukaduka. Ndipo mukangogawa pasiwedi kwa anthu makumi angapo popanda lamulo, mudzapeza kuti mukulipirira mpira ndi TikTok, mphunzitsi wa Geography akudikira mapu kuti atseguke.

Ndiye ine nditakhala mu komiti ya CDSS ya kutali ndi M1, ndingapemphe kabokosi, sola ndi matabuleti, n'kuumirira kuti aphunzitsi atatu aphunzitsidwe osati mmodzi, ndiponso kuti tiziloledwa kuikamo zathu: mapepala a mayeso akale a MANEB ndi manotsi a aphunzitsi athu. Bandulo yogulira ahedi ndi aphunzitsi ingakwane pa zochepa zofuna intaneti yeniyeni. Kalabu ya alimi isavutike ndi kabokosi. Foni imodzi ya tachi kwa mlimi wotsogolera, bandulo yosonkherana, ndi 321 kwa ena onse, zakwana.

Starlink ndingaivomere pokhapokha pali ndalama yolowa mwezi ndi mwezi imene si ya bungwe. Pa tirediing'i senta pamene pali chipatala, sukulu, kopaletivu ndi mashopu oyandikana, amenewa atha kusonkherana bilu imodzi, koma mgwirizanowo ulembedwe, ndipo ayambe afunsa ku MACRA ngati akufuna kumagulitsako WiFi kwa anthu ena, chifukwa kugulitsa intaneti kumafuna chiphaso. Ngati bungwe lalonjeza kulipira chaka choyamba, lifunseni liwerenge ndalama ya chaka chachiwiri pamaso pa makolo onse, dishi lisanakwere padenga.