Bokosi la mafilimu atatu a Sembène: ndalama zapita koma sindikudandaula

Patha miyezi iwiri chilandirireni bokosi la Criterion Collection, kampani ya ku America yotulutsa mafilimu pa ma disiki, lotchedwa Three Revolutionary Films by Ousmane Sembène, filimu iliyonse ndaionera kawiri, Xala yokha katatu, ndiye pano ndikhoza kuyankhulapo. Linatuluka mu 2024 ndipo muli mafilimu atatu a m'ma 1970, Emitaï ya 1971, Xala ya 1975 ndi Ceddo ya 1977, iliyonse pa disiki yakeyake, iliyonse yotalika cha m'ma ola awiri. Anandibweretsera ndi msuweni wanga wa ku America koma ndalama ndinatumiza ndine, ndinamuuza adikire November pomwe ku sitolo ya mabuku ya Barnes & Noble amatsitsa ma Criterion ndi theka (amateronso mu July), apo ayi mtengo wake ndi woboola m'thumba heve.

Ndiyambe ndi chenjezo chifukwa ine ndinapsa nazo, umbuli wanga womwe. Ma Blu-ray a ku America ndi Region A pomwe kuno ku Africa ndi ku Ulaya tili Region B, ndipo disiki ya region ina imatha kukana mu player ya region ina. Ndinalowetsa disiki mu player yanga, ndakonzeka kale ndi tiyi ndi mbatata, makinawo anangolemba kauthenga pa sikirini n'kukhala duu. Ndinachita kukabwereka player ya region free kwa mnzanga wina, mpaka lero ili kwanga ndipo wayamba kundifulasha. Ndiye musanatumize ndalama onani kaye makina anu.

Kwa amene simukumudziwa mkuluyu: Sembène anali wa ku Senegal, anabadwira ku Ziguinchor m'chigawo cha Casamance mu 1923 n'kumwalira ku Dakar mu 2007. Ananyamulako katundu pa doko la Marseille, anayamba ndi kulemba mabuku, kenako ataona kuti anthu akwawo ambiri sawerenga Chifalansa anapita ku Moscow kukaphunzira kujambula mafilimu. Basi mbiri yake ithere pompo, tikambe za m'bokosimu.

Xala ndiye yandipenga. Imayamba ndi mabwana achikuda atavala zakwawo akulowa mu Chamber of Commerce, ng'oma zili pakalapakala panja, akutulutsa azungu ndi ziboliboli zawo n'kuziika pa masitepe, ufulu wafika eti. Posakhalitsa mabwana omwe aja ali m'masuti akuyankhula Chifalansa, azungu aja abwerera mwakachetechete atanyamula mabulifikesi, aliyense kumuikira yake patsogolo, aliyense kutsegula pang'ono, kusuzumira, kutseka, kumwetulira. Palibe wanena kanthu. Ndinabweza kagawo kameneka kangapo ndikuseka ndekha ngati wamisala chifukwa nkhope zimenezi timaziona pa nkhani za usiku daily. Mmodzi wa iwo, El Hadji Abdou Kader Bèye, akukwatira mkazi wachitatu, kamtsikana ka msinkhu wa mwana wake, ukwati wa mashasha, mphatso ya mkwatibwi galimoto yomanga riboni itakwezedwa pa lole kuti tauni yonse ione. Usiku wa ukwati bambo aja agwa m'papaya. Xala tanthauzo lake ndi limenelo, temberero lomanga mwamuna. Ndiye kuyambira pamenepo ndi ulendo wa kwa asing'anga, ndalama zikungotayika bizinesi ikulowa pansi, wina amuchiritsa ndithu koma bwana analipira ndi cheke, cheke chabaunsa, sing'anga kubwera mtauni kudzabwezeretsa matenda ake pomwe anawachotsa. Amene mwakhalako ndi bwana wolipira ndi cheke Lachisanu madzulo mukudziwa.

Koma chimene chimandikhalabe m'mutu ndi madzi. Dalaivala wake amatsuka Mercedes ndi madzi a m'botolo a Evian, ochokera ku France, kwinaku opemphapempha ali pakhomo pa ofesi, mpaka bwana kupempha kuti apolisi awachotse akawataye kunja kwa tauni, iwo n'kubwerera wapansi, ena chokwawa, kamera ikungowatsatira osathamanga. Mwana wake wamkazi Rama akabwera ku ofesi bambo akuyankhula Chifalansa iye akuyankha mu Chiwolof, amupatsa Evian akana. Kameneko kokha kakukwanira, sipafunikanso wina aime n'kuyamba kulalikira za utsamunda. Mathero ake sindinena, ndingoti musaonere mukudya nsima.

Emitaï ndi yoyenda pang'onopang'ono, ndikuuzirenitu, ngati munazolowera za ku vidiyo sho zoti mphindi zisanu zilizonse wina wamenyedwa kiki mugona. Nkhani yake ndi ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'mudzi wa anthu a mtundu wa Diola ku Casamance, Afalansa agwira anyamata kupita nawo ku nkhondo, kenako abweranso akufuna mpunga. Amayi abisa mpunga usiku. Asilikali, omwenso ndi akuda anzawo, awakhazika amayiwo pa dzuwa tsiku lonse kuti aulule, pomwe madoda ali pansi pa mtengo kupereka nsembe kufunsa milungu yawo chochita, kukambirana kosatha. Amayi aja sayankhula zambiri koma filimu yonse ndi yawo. Pali kagawo kena chithunzi cha Pétain, mtsogoleri wa France nthawi imeneyo, chikuchotsedwa pakhoma kuikapo cha mtsogoleri watsopano de Gaulle, msilikali wina kudabwa kuti wa nyenyezi ziwiri angalowe bwanji m'malo mwa wa nyenyezi 7, kwinaku mpunga akuufunabe chimodzimodzi. Ndinakumbuka agogo athu a Keyala aja anatengedwa kupita ku Burma, kuti kodi kumudzi otsala ankadutsa mu zotani, nkhani zimene ife sitinazijambulepo.

Ceddo ndiye yovuta kuimeza, ndipo mwa zitatuzi ndi imene ndinachita kuibwereza kuti ndiimvetse. Anthu okana kutembenuzidwa mokakamiza kuti akhale Asilamu, omwe ndiwo a Ceddowo, aba mwana wamkazi wa mfumu, Dior Yacine, pomwe imamu wayamba kale kulamula kuseri kwa mfumu, pambali pali wansembe wachikatolika wopanda nkhosa zokwanira ndi mzungu wosinthanitsa anthu ndi mfuti komanso mowa. Theka la filimuyi ndi milandu ya pabwalo, munthu sayankhula kwa mfumu mwachindunji koma kudzera mwa mneneri wake, miyambi ikungogwa ngati matalala, amene munakhalako pa bwalo la agulupu mumva kukoma. Nyimbo zake ndi za Manu Dibango, saxophone ndi zina zamakono pa nkhani ya makedzana, poyamba zinandisokoneza kenako ndinazolowera. Ndinaonera ndi mnzanga wachisilamu, tinatsutsana mpaka usiku, iye akuti mkuluyu anakondera ine ndikuti wamenya onse, palibe anagonja. Boma la pulezidenti Senghor linailetsa filimuyi ku Senegal, chifukwa chomwe linapereka eti ndi kalembedwe, kuti liwu loti Ceddo likhale ndi d mmodzi osati awiri, Sembène n'kukana kusintha. Ife a dziko lomwe Kamuzu ankaimitsa womasulira wake pa msonkhano kuti amukonze Chichewa sitingadabwe kwambiri.

Za chithunzi, apa ndiye pamene ndalama yanu ikupita. Xala ndinaioneratu kale pa intaneti zaka zapitazo, kope lotuwa ngati lajambulidwa kuseri kwa neti ya udzudzu, mawu akumveka ngati ali mu ndowa. Pano anazikonzanso mu 4K, minda ya mpunga mu Emitaï ikuoneka yobiriwira bwinobwino, nsalu za azimayi pa ukwati mitundu yake ikuwala, nkhope za anthu akuda zikuoneka ndi makwinya omwe osati mdima wokhawokha ngati kale. Timadontho ta filimu yakale tilipobe, ndipo bola choncho, sanaisalaze ngati chithunzi cha pa Facebook.

Zowonjezera ndi zochepa, apa ndinayembekeza zambiri poona mtengo. Muli kucheza kwa Mahen Bonetti ndi Amy Sall, nkhani yolemba Yasmina Price, ndi dokyumentale yaifupi ya 1981 ya Paulin Soumanou Vieyra yoonetsa mmene ankajambulira Ceddo. Imeneyi ndiye ndinaikonda, kumuona mdala ndi kaliwo wake pakamwa akulongosola anthu pa dzuwa, zida zochepa, fumbi lili tolo. Ndikanakonda pakanakhala wina woyankhula pamwamba pa filimu kufotokoza miyambo ya Adiola chifukwa zina zinandidutsa.

Ma subtitle ndi a Chingerezi basi, omveka bwino koma mu Ceddo amathamanga. Mayi anga anabwera kudzacheza, ndinawaikira Xala ine n'kukhala DJ womasulira ngati a ku vidiyo sho, anaseka mpaka misozi pa nkhani ya cheke ija, akuti "ameneyutu ndikumudziwa, amapemphera kwathu". Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi, imodzi ndachotsera zowonjezera zochepazo. Ngati simungakwanitse bokosi lonse sonkherani anthu atatu muzibwerekana, koma muyambe ndi Xala. Langali musalifunse kaye, mayi anena kuti abweranso Loweruka ndi anzawo awiri a ku Mvano, ndipo mwini player sindinamuuze.